Kodi MoneySuperMarket ndi banki? Yankho kwa achemwali a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Atha chaka ndi miyezi iwiri chifikireni ku UK. Analemba kuti: "Ndinapempha khadi la ngongole kubanki kwanga koma anandikaniza. Ndinayesanso kwina kawiri sabata yomweyo, konse anakana. Mnzanga wa kuntchito akuti ndilowe pa MoneySuperMarket. Kodi imeneyi ndi banki? Ndingawapatse dzina, adiresi ndi malipiro anga osaopa? Nanga poti akuti ndi zaulere, iwowo amadyerapo pati?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Tisanapite patali, ndikupempheni chinthu chimodzi: imani kaye, musapemphenso khadi kulikonse pakadali pano. Nthawi iliyonse mukapempha ngongole, banki imakafufuza mbiri yanu ku makampani osunga mbiri za ngongole, omwe akuluakulu ake kuno ndi atatu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Kufufuza kotereku amakutcha hard search, ndipo kumasiya chidindo chimene mabanki ena amachiona kwa pafupifupi chaka. Zidindo zitatu m'sabata imodzi zimakuonetsani ngati munthu amene madzi afika m'khosi, ngakhale inu mulibe ngongole ya munthu. Ndiye aliyense amayamba kukuthawani.

MoneySuperMarket si banki, ndipo sibwereketsa ndalama. Eni ake amalemba okha patsamba lawo kuti iwo ndi mkhalapakati. Ntchito yawo ndi kuyala makhadi a mabanki osiyanasiyana pamalo amodzi kuti muwayerekeze, monga momwe mumayendera mabenchi a tomato mu msika wa Limbe musanatulutse ndalama.

Kampaniyi inayamba mu 1993 ndi anyamata awiri, Simon Nixon ndi Duncan Cameron, ndipo dzina lake loyamba linali Mortgage 2000. Nixon anali atasiyira panjira maphunziro owerengera ndalama pa yunivesite ya Nottingham n'kuyamba kugwira ntchito yopezera anthu ngongole zogulira nyumba. Kumeneko anaona vuto: mabanki ndi ambiri, aliyense ndi chiwongoladzanja chake, koma panalibe malo amodzi oonerapo zonse. Iye ndi Cameron, yemwe ankadziwa za makompyuta, anayamba kusonkhanitsa mitengo ya ngongolezo n'kumagulitsa kwa akatswiri opezera anthu ngongole za nyumba. Munthu wamba sankaziona. Intaneti itayamba kulowa m'nyumba za anthu, mu 1999 anatsegula tsamba la MoneySuperMarket kuti aliyense azidzionera yekha, ndipo anawonjezera makhadi a ngongole ndi ngongole wamba, kenako inshuwalansi, magetsi, gasi ndi intaneti ya m'nyumba. Mu 2007 Nixon anagula gawo la Cameron pamtengo wa mapaundi 162 miliyoni, ndipo mu July chaka chomwecho kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa London. Likulu lake lili ku Ewloe, m'dera la Flintshire kumpoto kwa Wales. Mu 2024 gulu lonse la makampani awo linasintha dzina kukhala Mony Group, koma tsambali likudziwikabe ndi dzina lakale lija.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri saidziwa. Mwina mwamuonapo Martin Lewis pa TV, bambo uja amalangiza anthu za kasungidwe ka ndalama. Anayambitsa tsamba la MoneySavingExpert mu 2003, ndipo mu 2012 MoneySuperMarket inaligula pamtengo wofika mapaundi 87 miliyoni. Anagwirizana kuti alembi a tsambalo apitirize kulemba mosalamulidwa ndi eni atsopanowo, ndipo ine malangizo awo ndimawawerengabe mpaka lero. Koma dziwani kuti mukayerekeza pa MoneySuperMarket kenako n'kukatsimikiza pa MoneySavingExpert, mwafunsa ana a nyumba imodzi. Quidco, tsamba lobwezera ndalama pang'ono mukagula zinthu, nalonso analigula mu 2021.

Tsopano funso lanu lenileni, lakuti amadyerapo pati. Inu simulipira kalikonse. Mukadina khadi patsamba lawo, n'kupita kubanki, n'kupempha, banki ndi imene imawapatsa komishoni. Palibe chachinyengo pamenepo, ndipo bungwe la FCA, limene linayamba kuyang'anira za ngongole za anthu wamba mu April 2014, limawayang'anira. Mukhoza kufufuza dzina lawo mu kaundula wa bungweli pa intaneti musanalembe chilichonse. Komabe zinthu ziwiri zizikhala m'mutu mwanu. Choyamba, si makhadi onse a m'dziko muno amene ali pamenepo. Ena mabanki amawapereka okha kwa makasitomala awo. Chachiwiri, kampani imene imapeza phindu inu mukatenga khadi singakhale yoyamba kukuuzani kuti mwina khadilo simukulifuna n'komwe. Funso limenelo muyenera kudzifunsa nokha.

Chimene ndimawayamikira kwambiri, ndipo n'chimene chikukuyenerani inuyo, ndi chida chawo choyezera mwayi wanu musanapemphe. Mumalemba dzina, tsiku lobadwa, malipiro a pachaka, lendi imene mumalipira ndi maadiresi amene mwakhalako. Iwo amasuzumira mbiri yanu m'njira yotchedwa soft search, imene mabanki ena saiona ndipo sikuwonongerani kanthu. Pakangopita kamphindi, pafoni panu pamatuluka mndandanda wa makhadi, lililonse ndi nambala pambali pake: ili mwayi wanu ndi 90 peresenti, ili 40, ili ziro. Ena amalembedwa kuti pre-approved, kutanthauza kuti ngati zonse mwalemba n'zoona ndipo banki yatsimikiza kuti ndinudi, khadilo mulandira. Mukanayambira apa, makalata atatu okukanizani aja sakanabwera. A ClearScore, tsamba lina loonera mbiri yanu ya ngongole, nawo ali ndi chida chonga ichi, ndipo sikulakwa kuyang'ana konse kuwiri.

Pa nkhani yopereka dzina ndi malipiro, ndinganene kuti perekani, koma adiresi ya tsambalo muilembe nokha pafoni, osadina ulalo wobwera pa WhatsApp kapena pa meseji. Sadzakufunsani PIN kapena mawu achinsinsi a kubanki. Ndipo mukaona timabokosi tofunsa ngati mukufuna kumalandira zotsatsa malonda, musatichonge.

Mabanki sanakukanizeni chifukwa muli ndi mbiri yoipa. Mulibe mbiri n'komwe. Ngakhale munabweza mokhulupirika ngongole ya ku SACCO kapena ya banki m'khonde kwa zaka khumi kumudzi, zimenezo sizinakwere nanu ndege. Kuno ndinu mlendo, ndipo mafomu ambiri amafuna maadiresi a zaka zitatu. Njira imodzi yachangu yodziwikira ili m'manja mwathu ife Amalawi: dziko lathu lili mu Commonwealth, choncho ngati muli ndi chilolezo chokhala ku UK mukhoza kulembetsa mu kaundula wa ovota kudzera pa gov.uk. Mabanki amagwiritsa ntchito kaundula ameneyu potsimikiza dzina ndi adiresi. N'zaulere ndipo zimatenga mphindi zochepa. Ndimadabwa kuti anzathu ambiri amatha zaka osalembetsa poganiza kuti n'za nzika zokha.

Makhadi amene adzakutulukireni poyamba mwina adzakhala aja omangira mbiri, monga a Aqua, Vanquis kapena Capital One. Ndalama zimene amalola zimakhala zochepa, mwina mapaundi mazana angapo, koma chiwongoladzanja chimakhala chokwera, kawirikawiri kupitirira 30 peresenti pachaka. Apa m'pamene ndikufuna muwerenge modekha. Pambali pa khadi lililonse pamalembedwa representative APR, kutanthauza chiwongoladzanja cha pachaka chimene akutsatsa. Nambala imeneyo lamulo limangofuna kuti iperekedwe kwa anthu 51 mwa 100 alionse amene avomerezedwa. Otsalawo akhoza kupatsidwa yokwera kuposa pamenepo, ndipo mlendo ngati inu nthawi zambiri amagwera m'gulu limenelo. Pa 30 peresenti, ngongole ya £1,000 imabala pafupifupi £22 mwezi uliwonse. Koma mukamabweza ndalama zonse zimene mwagulira zinthu tsiku lomaliza lisanafike, simulipira chiwongoladzanja ngakhale tambala. Ndiye guliranipo tikiti ya basi ndi zakudya zokha, ikani direct debit (chilolezo choti ndalama zizichoka zokha mu akaunti yanu) yobweza zonse mwezi ndi mwezi, basi. Kuphonya kulipira kamodzi kokha kumakhala pa mbiri yanu zaka 6.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka pano zimandipweteka. Chaka changa chachiwiri kuno, mayi anga anagonekedwa m'chipatala ku Zomba. Unali usiku, malipiro anali asanalowe, mlongo wanga akuimba foni akulira. Ndinatenga khadi la ngongole n'kutumiza £400 kudzera pa kampani ina yotumizira ndalama. Sitetimenti itabwera ndinapeza mizere iwiri imene sindinaiyembekezere: chindapusa cha pafupifupi 3 peresenti, ndi chiwongoladzanja chimene chinayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Banki inaziona ngati ndatapa ndalama pa ATM. Mabanki ambiri amatero ndithu. Sindidandaula kuti ndinathandiza mayi anga, koma ndinatha miyezi ingapo ndikungolipira kandalama kochepa kaja amati minimum payment, ngongole osasuntha, ngati ya katapila. Foni ya usiku ngati imeneyo idzakupezani nanunso, achemwali, tonse imatipeza. Yambani lero kusunga kenakake pambali ka tsiku limenelo, kuti khadi lisadzakhale kothawira kwanu.

Pamene khadi la ngongole limathandizadi ndi pogula chinthu chodula, monga tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe. Gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limati mukagula chinthu cha mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa n'kulephera kukupatsani chimene munalipira, banki yanu nayo ili ndi udindo wokubwezerani. Chitetezochi chimagwira bwino mukagula mwachindunji kwa kampani ya ndegeyo. Mukadzera kwa wogulitsa matikiti wapakati, nthawi zina chimavuta. Za makhadi osamutsira ngongole pa 0 peresenti, amene mudzawaonenso pa MoneySuperMarket, zisiyeni kaye. Amenewo ndi a anthu amene ali kale ndi ngongole komanso mbiri yaitali.

Ndiye chitani izi. Usiku uno lembetsani mu kaundula wa ovota. Mawa onani mbiri yanu kwaulere ku makampani atatu aja, mutsimikize kuti dzina ndi adiresi zalembedwa chimodzimodzi ndi za kubanki. Dikirani miyezi itatu kapena kuposerapo kuti zidindo zija zizizire, kenako lowani pa MoneySuperMarket, yezani mwayi wanu, mupemphe khadi limodzi lokha limene nambala yake ya mwayi ili pamwamba. Ngati pali ngongole ina imene ikukusowetsani tulo ndipo simunaitchule mu imelo ija, imbani ku StepChange kapena pitani ku Citizens Advice, amathandiza kwaulere. Mukaona manambala anu, ndilembereninso tidzaonere limodzi musanadine.