Mafunso ndi Mayankho: Kuyendetsa Ntchito Yomanga Nyumba Zamalonda

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kampani yaing'ono ya zomangamanga ndipo ndinapatsidwa ntchito yomanga nyumba yosanja ya mashopu ndi maofesi. Ntchito ya magetsi, mapaipi ndi pulasitala ndinaigawira makontrakitala ang'onoang'ono. Tsopano wa mapaipi akuti kutseka mabowo amene anaboola m'makoma si ntchito yake, wa pulasitala akuti iye anamaliza kale, ndipo wa magetsi akufuna ndalama zoonjezera chifukwa mwininyumba anamuuza pakamwa kuti asunthe masoketi. Mwininyumbayo akuloza chala ine pa zonsezi. Kodi n'zoona kuti mlandu ndi wanga?
Kontrakitala wothedwa nzeru

YANKHO: Bambo, pamaso pa mwininyumba mlanduwo ndi wanu ndithu. Iye anasainirana mgwirizano ndi inu, osati ndi wa mapaipi kapena wa magetsi, choncho kugawira ena mbali ya ntchito sikukuchotserani udindo umene munalandira. Mungathe kutembenukira kwa amene munawapatsa ntchitowo kuti akonze zolakwika, koma mphamvu yanu pa iwo imalekezera pamene palekezera zimene munalemberana.

Mikangano yambiri pa ntchito zomanga imabukira pamalire, pamene ntchito ya mmisiri wina ikuthera ndipo ya mnzake ikuyambira. Aliyense poika mtengo amawerengera ntchito ya luso lake lokha, ndipo tintchito ta pakati amaganiza kuti atigwira wina. N'chifukwa chake mgwirizano wa kontrakitala wamng'ono aliyense uyenera kutchula momveka amene adzaboole makoma ndi amene adzatseke, amene adzabweretse makwerero ndi nsanja zokwerapo, amene adzalipire magetsi ndi madzi ogwiritsa ntchito pamalopo, amene adzachotse zinyalala, ndiponso amene adzaluze ngati zipangizo zabedwa zisanaikidwe pa nyumba. Zimene munalonjeza mwininyumba, monga tsiku lomaliza ntchito, mtundu wa zipangizo, inshuwalansi ndi chindapusa cha kuchedwa, zilowenso m'migwirizano ing'onoing'onoyo, chifukwa mukapanda kutero mudzalipira nokha chindapusa cha kuchedwa kumene anachititsa ndi munthu wina.

Nkhani ya masoketi ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Pamalo a ntchito payenera kukhala njira imodzi yokha yodutsira malamulo: mwininyumba alankhule ndi inu kapena ndi katswiri amene akumuimira, ndipo inu ndi amene muuze amisiri. Kusintha kulikonse kulembedwe ntchito yake isanayambe, ndipo chikalatacho chinene chimene chikusintha, ndalama zimene zioonjezereke ndi masiku amene awonjezereke, kenako onse okhudzidwa asaine. Migwirizano ya FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, imene imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, imapatsa kontrakitala masiku 28 okha oti adziwitse polemba kalata kuti akufuna nthawi kapena ndalama zoonjezera, ndipo masikuwo akadutsa angathe kutaya mwayi wopempha. Ngakhale kuti ntchito yanu siikuyendera migwirizano imeneyi, chizolowezi cholemba msanga n'choyenera kuchitengera.

Kusintha kosaunikidwa bwino sikuthera pa kutaya ndalama kokha. Mu July 1981, ku hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City ku America, timilatho tiwiri tolenjekeka m'kati mwa hotelayo tinagwera anthu ndipo 114 anafa. Pulani yoyamba inali yoti timilatho tonse tiwiri tilenjekeke ku zitsulo zazitali zochokera kudenga, koma kampani yokonza zitsulo inapempha kuti kamlatho ka m'munsi kalenjekeke ku kam'mwamba pofuna kuti ntchito iphweke. Kusinthaku kunachititsa kuti zolumikizira za kamlatho kam'mwamba zisenze katundu wowirikiza kawiri, ndipo mainjiniya anavomereza zojambulazo osawerengeranso mokwanira. Choncho mmisiri akabwera ndi maganizo osintha kanthu kokhudza mizati, zitsulo, maziko kapena denga, ngakhale akhale waluso chotani, nkhaniyo ipite kwa injiniya ndipo yankho libwere lolembedwa.

Pa vuto limene muli nalo panopa, itanani amisiri atatuwo pamodzi pamalo a ntchito, muyende nawo chipinda ndi chipinda, mulembe chotsala chilichonse ndi dzina la woyenera kuchigwira komanso tsiku lomaliza. Mabowo amene mgwirizano sunawatchule, kungakhale kwanzeru kuwalipira nokha kusiyana n'kuimitsa ntchito yonse chifukwa cha mkangano. Za masoketi, lemberani mwininyumba kalata yomupempha kuti atsimikize kuti analamuladi zimenezo ndi kuti avomereze mtengo wake.

FUNSO: Ndikumangitsa nyumba yosungiramo katundu. Ndinalipira kontrakitala theka la ndalama zonse ntchito isanayambe, koma tsopano okhoma denga asiya ntchito ponena kuti sanalandire kalikonse, ndipo akubwera kwa ine kuti ndiwalipire. Kodi ndiwapatse?
Mayi wabizinesi

YANKHO: Mayi, musafulumire kuwapatsa. Mukalipira okhoma dengawo popanda chilolezo cholembedwa cha kontrakitala wamkulu, iye angathe kukana kuti ndalamazo zichotsedwe pa zimene mukuyenera kumupatsa, ndipo mudzapezeka kuti ntchito imodzi mwailipira kawiri. Ngati kuwalipira mwachindunji ndi njira yokhayo yoti denga lithe, pakhale chikalata chosainidwa ndi inu, kontrakitala ndi okhoma dengawo, chonena kuchuluka kwa ndalamazo ndi kuti zichotsedwa pa malipiro a kontrakitala. Ndi bwino kuti loya aone chikalatacho, popeza malamulo a nkhani zoterezi amasiyana dziko ndi dziko.

Gwero la vutoli ndi theka lija. Pa ntchito yoyendetsedwa bwino, ndalama zimatsatira ntchito imene yaoneka ndi kuyezedwa, osati kuitsogolera. Kawirikawiri mwezi ukatha, katswiri wowerengera zomangira, amene amatchedwa quantity surveyor, amayeza zimene zamangidwa n'kuziyerekeza ndi mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake, ndipo malipiro amatuluka potengera muyezo umenewo. Ndalama zoyambira ntchito zimaloledwa, koma zimakhala gawo lochepa, zimabwezedwa pang'onopang'ono pozidula pa malipiro otsatira, ndipo kontrakitala amayamba wabweretsa chikalata cha banki kapena kampani ya inshuwalansi chotsimikiza kuti ndalamazo zidzabwezedwa iye akalephera ntchito.

Palinso ndalama zimene mwininyumba amasunga pa malipiro alionse, nthawi zambiri 5 kapena 10 peresenti. Mwa chizolowezi, theka la ndalamazi limaperekedwa nyumba ikatha moti n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito, ndipo zotsalazo zimadikira kuti idutse nyengo yokonza zolakwika, imene nthawi zambiri imakhala miyezi 6 kapena 12. Denga lodontha silidziwika tsiku lolandira makiyi, limadziwika mvula ikagwa, ndipo pa nthawiyo ndalama zosungidwazi ndi zimene zimachititsa kontrakitala kubwerera. Kuyambira lero, musanatulutse malipiro ena, muzipempha umboni wosainidwa woti makontrakitala ang'onoang'ono analandira gawo lawo la malipiro apitawo.

Ndinene mawu ochepa kwa makontrakitala akuluakulu amene akuwerenga tsamba lino. Kutenga ndalama za ntchito ina n'kukatsekera ngongole za ntchito ina ndi khalidwe limene lagwetsa makampani ambiri, ndipo amene amayamba kuvutika nalo ndi mmisiri wamng'ono yemwe ali ndi antchito oyembekezera malipiro. Mmisiri wosalipidwa amachotsa anthu ake aluso n'kuwatumiza kumene kuli ndalama, ndipo mwininyumba amaona zotsatira zake pa makoma.

FUNSO: Ndine foromani ndipo ntchito yathu yatsalira ndi milungu ingapo. Abwana akuti tiwonjezere antchito komanso tichotse msanga matabwa ndi mizati yochirikiza konkire ya pansanjika kuti ena ayambe kugwira ntchito pansi pake. Kodi zimenezi zithandiza?
Foromani

YANKHO: Kuwonjezera antchito kumathandiza pokhapokha ngati awonjezeredwa pa ntchito imene ikuimitsa zinzake. M'ndondomeko ya ntchito iliyonse muli mzere wa ntchito zodalirana, monga maziko, mizati, konkire ya pansanjika ndi denga, umene ukachedwa ndi tsiku limodzi nyumba yonse imachedwanso ndi tsiku limodzi, pomwe ntchito zina zingathe kudikira osasokoneza kanthu. Khalani pansi ndi makontrakitala onse mlungu uliwonse, muone ntchito za milungu iwiri kapena itatu ikubwerayo, ndipo mufunse aliyense chimene chingamulepheretse kuyamba. Nthawi zambiri mudzapeza kuti chochedwetsa si kuchepa kwa anthu ayi, koma zojambula zimene sizinavomerezedwe kapena zipangizo zimene zinaitanitsidwa mochedwa.

Koma za kuchotsa msanga zochirikiza, musavomere. Mphamvu ya konkire imene injiniya amadalira powerengera ndi imene imayezedwa pa masiku 28, ndipo konkire ya simenti wamba imafunika kukhala yonyowa kwa masiku osachepera 7 kuti ilimbe bwino. N'chifukwa chake pothira konkire amatapako ina n'kuumba timabokosi timene amakatiphwanya kumalo oyezera pa masiku 7 ndi pa masiku 28. Tsiku lochotsa mizati yochirikiza linenedwe ndi injiniya atayang'ana zotsatira zimenezi, ndipo ngati abwana anu akukakamiza, apempheni mwaulemu kuti lamulolo alilembe ndipo injiniya asainepo.

Kuthamanga kusakuchititseninso kukwirira ntchito imene sinaonedwe. Zitsulo ziyenera kuonedwa konkire isanathiridwe, mapaipi ayesedwe ndi madzi asanakwiriridwe kapena kumatidwa, ndipo mawaya a magetsi ayesedwe siling'i isanakhomedwe, chifukwa cholakwika chopezeka pambuyo pake chimafuna kugumula zimene zamangidwa kale. Jambulani zithunzi zokhala ndi deti, ndipo tsiku lililonse muzilemba m'buku la pamalo a ntchito mmene nyengo inalili, chiwerengero cha antchito a kontrakitala aliyense, zipangizo zimene zafika ndi malamulo amene mwalandira. Ngati kutsalirako kwabwera chifukwa cha mvula yoposa muyezo kapena kusintha kwa mwininyumba, buku limeneli ndi limene abwana anu adzagwiritse ntchito popempha masiku oonjezera.