Pulopozo yolembedwa ana atagona

Adokotala, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mwatha zaka ziwiri mukuphunzitsa pa sukulu ya zaudokotala, mwafunsira kawiri ndalama zochitira kafukufuku wanu, ndipo kawiri konse akukanirani. Mukufunsa ngati mupitirize kapena mungovomera kuti kafukufuku si wanu.

Ndikanayankha mwachidule, koma pali mawu amodzi amene andilasa. Mwati pulopozo, chikalata chofunsira ndalama za kafukufukucho, mumalemba "ana akagona". Inenso yanga yoyamba ndinailemba nthawi yomweyo, maso akuwawa, foni ili pambali chifukwa usiku umenewo ndinali woitanidwa kuchipatala.

Ndinali wamng'ono m'dipatimenti, ndipo wamng'ono ndiye amatumidwa. Kuphunzitsa ophunzira a chaka chachitatu, ine. Kuchonga mayeso, ine. Komiti yokonza ndondomeko ya maphunziro, ine, ulembi wake n'kundisenzetsanso. M'mawa kuzungulira m'wodi, masana kliniki. Chilichonse ndinkavomera ndikumwetulira, poganiza kuti akuluakulu akundiona. Ankandionadi, koma ankaona munthu wosakana. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Yankho la ounika pulopozo yanga litafika, ndinakwiya sabata yathunthu. Funso la kafukufuku sanalinyoze ayi. Chimene anafunsa chinali chakuti ntchito imeneyi ndidzaigwira liti. Kalata imene mkulu wa dipatimenti anandilembera inali yodzaza ndi mawu okoma, akuti ndine wakhama, wodzipereka, wokondedwa ndi ophunzira, koma munalibe nambala ngakhale imodzi yonena kuti ndidzamasulidwa masiku angati pa sabata. Ndinkati ounikawo ndi ankhanza. Lero inenso ndimaunika mapulopozo a ena, ndipo kalata ya mkulu ndi imene ndimayambira kuwerenga.

Taonani mmene opereka ndalama enieni amaganizira. Ku America, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo la NIH lili ndi thandizo la madokotala ongoyamba kumene lotchedwa K08 ndi K23, ili lachiwirili ndi la kafukufuku wokhudza odwala mwachindunji. Limatenga zaka 3 mpaka 5, ndipo kawirikawiri limafuna kuti magawo 75 mwa 100 a nthawi yanu ya ntchito apite ku kafukufuku ndi kuphunzira luso lake. Ndalama zambiri zimapita ku malipiro anu. Mwamva? Akugula nthawi yanu kuichotsa m'manja mwa chipatala. K08 ndi K23 ndi za nzika za America ndi okhala kumeneko mokhazikika, koma nthambi yawo ya Fogarty International Center inakhazikitsa K43 ya ofufuza a m'mayiko osauka ndi a chuma chapakati, imene imafuna alangizi awiri, wina wa kwanu wina wa ku America. A Wellcome, bungwe la ku London lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, ali ndi thandizo la ofufuza ongoyamba lotchedwa Early-Career Award lofika zaka 5, malipiro pamodzi ndi ndalama zogwirira ntchito zofika £400,000. A EDCTP, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa umene unayamba mu 2003, akhala akuthandiza ofufuza achinyamata a mu Africa pa matenda monga malungo, TB ndi HIV. Onsewa amasiyana zambiri, koma palibe amene amafuna kupereka ndalama kwa munthu amene sabata yake inadyedwa kale.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndi masukulu amene amauza mphunzitsi wachinyamata kuti sakwezedwa popanda kusindikiza mapepala a kafukufuku, kwinaku akumupatsa makalasi onse amene akuluakulu sakuwafuna. Poyamba ndinkati ndi vuto la kuchepa kwa anthu ogwira ntchito. Masiku ano sindikuchitanso manyazi kunena kuti nthawi zambiri ndi dyera. Amene ali ndi ndalama za kafukufuku amadziwombola ku ntchito za m'wodi, katunduyo n'kugwera amene alibe, ndipo pakatha zaka zisanu omwewo amadabwa kuti mwana uja bwanji sakusindikiza. Kenaka amakonza msonkhano wa masiku awiri wophunzitsa kalembedwe ka pulopozo, aliyense n'kulandira satifiketi. Ndili nawo masatifiketi oterowo anayi. Palibe ngakhale imodzi imene inandichotsera kliniki.

Nkhani ya alangizi nayo musandiyambitse. Ndinali naye mmodzi, munthu wodziwika, amene ndinkamuona kawiri pa chaka, koma dzina lake silinkasowa pa pepala lililonse limene ndalemba. Amene anandithandiza zenizeni anali mayi wina wa dipatimenti ina, katswiri wa ziwerengero, amene anatenga pulopozo yanga n'kuifufuta ndi cholembera chofiira mpaka ndinafuna kulira. Zolinga zisanu anazidula n'kusiya ziwiri. Patapita miyezi anatchula dzina langa pa msonkhano umene ine kunalibe, ndipo ndi mmene ndinapezera kandalama kanga koyamba, kochepa kwambiri, kongokwanira kulipira wothandizira kusonkhanitsa ziwerengero kwa miyezi ingapo. Mlangizi wokuuzani zochita ndi wabwino, koma mukufunanso wina wokutchulani inu kulibe.

Popeza mwatchula ana, ndionjezepo ichi. A NIH amamuyesa munthu wofufuza wongoyamba kwa zaka 10 kuchokera pamene anamaliza digiri yake yomaliza ya kafukufuku kapena maphunziro a ukatswiri wa kuchipatala, ndipo mayi akabereka mkati mwa nthawiyo amamuonjezera chaka chimodzi akapempha. Opereka ndalama ambiri ali ndi malo pa fomu ofotokozera nthawi imene munapuma. Lembanipo. Ndaona azimayi akubisa tchuthi chauchembere ngati mlandu, ounika n'kumangoona mpata wopanda mapepala.

Ndiye muchite chiyani?

Musasiye, komanso musatumize yachitatu mwezi uno. Tengani ndemanga za ounika za maulendo onse awiri muone chimene chabwerezedwa. Funsirani kaye kandalama kakang'ono ka pa sukulu panu kapena ka bungwe la akatswiri a nthambi yanu, kuti mukhale ndi zotsatira zoyamba zoonetsa. Tulani pansi komiti imodzi. Kenaka lembani sabata yanu yonse pa pepala, ola ndi ola, mupite nalo kwa mkulu wa dipatimenti, mukapemphe kuti m'kalata yake alembemo nambala.

Mkulu wanga uja, nditamuonetsa pepala lotero, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti zonsezi anandipatsa ndani. Anali iye mwini. Magawo 75 sanandipatse. Anangondichotsera kliniki ya Lachinayi, ndipo pepala langa loyamba la kafukufuku ndinalilemba Lachinayi lokhalokha, kwa miyezi 7, chitseko chili chokiya.