Kodi njinga ndi tenti zingakufikitse ku Likoma ndi Chizumulu?

Owerenga wina wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu, watilembera kuti iye ndi anzake awiri akufuna kukazungulira zilumba za Likoma ndi Chizumulu pa njinga zakapalasa, n'kumagona m'tenti. Akufunsa ngati n'zotheka, nanga anyamule chiyani.

N'zotheka, achimwene, koma dziwiranitu kuti mwini ulendowu ndi sitima ndi mphepo, osati miyendo yanu.

Vuto loyamba lili pakhomo pomwe pano. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo mumatsika mamita oposa 700. Njinga yolemedwa ndi katundu imadya mabuleki pamtsetse wotere. Ikani malabala a mabuleki atsopano musananyamuke, ndipo pogwira muzigwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Mukangokanikiza osalekeza, limu imatentha mpaka chubu kuphulika. Katundu wolemera akhale m'munsi, mbali zonse ziwiri za keliyala mofanana, apo ayi njinga imayepa pokhota.

Za tsiku lonyamuka Ilala kafunseni kudoko komweko sabata yomwe mukupita. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, ndipo ikachedwa palibe woifulumizitsa. Onjezerani masiku awiri kapena atatu pa chakudya ndi ndalama zanu, ndalamazo zikhale zogwirika m'manja. Miyezi ya June mpaka August mwera umawinduka kwambiri, maboti ang'onoang'ono amatha kukhala pagombe osayenda. Musakakamize mwini boti.

Pokwera ndi potsika m'pamene katundu amaonongeka. Ku Chizumulu sitima imaima pakuya, anthu n'kumatsikira m'timaboti, nthawi zina usiku, pakati pa matumba a ufa ndi usipa. Masulani zikwama zonse panjinga, gululani mapedulo, mahandulo muwatembenuze kuti alunjike ndi felemu. Zovala, bulangete ndi foni zikhale m'mapepala apulasitiki awiriawiri, omanga kukamwa. Mmodzi atsogole kukalandira, wina atsale akupatsira.

Likoma ndi yaing'ono, masikweya kilomita pafupifupi 18. Tsiku limodzi mukhoza kuimaliza, koma bwanji kuthamanga? Yambirani ku Chipyela mukaone tchalitchi cha St Peter's cha Anglican, chomwe anayamba kumanga mu 1903, kenako muzitsata tinjira ta pakati pa milambe ndi minda ya chinangwa. Tinjirato ndi ta mchenga, miyala ndi minga. Pamchenga phwetsani matayala pang'ono kuti asamire, mukafika pamiyala mupopenso, chifukwa tayala lofewa likagunda mwala chubu chimapanidwa n'kuboka pawiri. Tcheni musachithire oilo wambiri: mchenga umamatirira n'kumachipala ngati tupa. Dontho limodzi pa mfundo iliyonse, mupukute ndi kansanza. Aliyense akhale ndi machubu awiri, ndipo gulu lonse likhale ndi pampu, mapachi ndi guluu wake, masipoko asanu, waya wa buleki, masipanala ndi malabala omangira.

Ku Chizumulu kunena zoona njinga ndi mtolo chabe. Chilumbacho n'chamapiri, njira zake n'zapansi. Isiyeni pamalo pomwe mwagona, muyende.

Tenti musangoikhoma paliponse. Gombe lililonse lili ndi eni ake, ndipo asodzi amayanikapo makoka ndi nsomba. Kaonekereni kwa amfumu, kapena lipirani pa malo ogona alendo omwe amalola matenti. Zikhomo zazifupi sizigwira mumchenga, choncho mangani chingwe ku mwala kapena ku thumba lodzaza mchenga n'kulikwirira. Khomo lifulatire kummwera. Nkhungu zikatuluka zimitsani tochi, zimatsata kuwala. Nkhuni n'zosowa pachilumba, musadule mtengo. Tengani kambaula ndi makala anu.

Madzi a m'nyanja muwiritse, kapena muthiremo WaterGuard monga alembera pabotolo n'kudikira mphindi 30. Gonani mu neti. Ngati mwasamba m'nyanja, makamaka pa bango, mukayezetse likodzo pakatha masabata 6 mpaka 8, ngakhale musakumva kalikonse.

Mapiri omwe mudzawaone kuvuma ndi a ku Mozambique, ndipo zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a dzikolo. Wina akakuuzani kuti akuwolotseni mukaone Cobue, pasipoti ikhale m'thumba ndipo muyambe mwadinditsa kwa a zolowa ndi kutuluka.