Kwa achemwali amene mayi awo ayamba kuiwalaiwala

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mayi anu a zaka 74 ayamba kusokoneza mayina a adzukulu, amafunsa chinthu chimodzi kangapo, ndipo ena kumudziko ayamba kunong'onezana kuti pali za anthu. Ambiri pano akuyankhani kuti "apempherereni". Kupemphera n'kwabwino, koma ndiloleni ndiwonjezerepo, poti ine ndinasamala bambo anga kuno ku Bangula mpaka tsiku limene anatisiya.

Kuiwala kulipo kwa mitundu ingapo, ndiye muyambe mwaona kuti kwa mayi ndi kuti. Kwa ukalamba wamba n'komwe kumatipeza tonse tikadutsa zaka 50 kapena 60. Dzina limakhala pamlomo pomwepa koma osatuluka, kenako limabwera lokha uli pakati potsuka mbale. Umalowa m'nyumba n'kuima, osadziwa chimene wadzatenga. Kuwerengera chenji pamsika wa Nchalo kwinaku wina akukulankhula kumayamba kuvuta. Ubongo umakhala ukugwirabe ntchito, kungoti wachepetsa liwiro ndipo sufunanso zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mayi akatchula mayina a ana onse asanafike pa la mdzukulu amene akumuitana, zimenezo zokha zisakudetseni nkhawa. Inenso ndayamba.

Bambo anga ankatidabwitsa. Ankatha kufotokoza bwinobwino ulendo wa pasitima kuchoka ku Limbe kudzera ku Makhanga ndi Chiromo, ndi mmene madzi a 1997 anadulira njira pa Mtayamoyo, koma ukawafunsa ndiwo zimene adya masana ankangoseka. Zakale zija anazifotokoza kambirimbiri mpaka zinakhazikika, pomwe zatsopano zimafuna kuti munthu azimve bwino ndi kuikirapo mtima kuti zilowe. Apa mpamene makutu amanamiza anthu. Nkhalamba yambiri imene timati yaiwala imakhala kuti sinamve n'komwe, inangogwedeza mutu pochita manyazi kufunsanso. Manja nawo saiwala msanga: bambo ankalukabe mono ndi kusoka ukonde mwaluso kuposa anyamata.

Kuiwala kodetsa nkhawa ndi kwina. Kuiwala pamene waika khasu si kanthu, koma kuligwira khasulo osadziwa ntchito yake ndi nkhani ina. Munthu kusochera panjira ya kudimba imene wayenda moyo wake wonse, kusiya mphika pamoto mpaka kupserera kawirikawiri, kulephera kuphika nsima, kusamzindikira mwana wake, kapena wofatsa kusanduka waukali n'kumanamizira anthu kuba. Zikamakula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, achipatala amaganizira za dementia, nthenda imene imawononga ubongo. Mtundu wake wofala ndi uja anaufotokoza dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Wina umabwera chifukwa cha BP ndi timasitiroko ting'onoting'ono timene timadutsa anthu osazindikira. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma kusamala BP ndi shuga kumateteza ubongo kuti usapitirire kuwonongeka msanga.

Koma chimene ndikufuna mugwiritse n'ichi: ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi, dzana anali bwinobwino lero akubwebweta, umenewo si ukalamba. Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kuno kuchigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo okalamba samva ludzu msanga ngati ife. Madzi akachepa m'thupi mutu umabalalika. Malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, shuga kutsika kapena kukwera, zonsezi zimatha kumusokoneza wokalamba ngakhale thupi lisanatenthe. Tsiku lina bambo anadzuka n'kumanditcha dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Abale ena anayamba kale kukamba za kwa sing'anga. Tinawakweza pa njinga yamoto, atawayeza anapeza malungo ndi kuchepa madzi m'thupi. Patatha masiku atatu anali akundikalipira za mbuzi zanga zolowa m'munda mwawo, dzina langa akulitchula bwinobwino.

Za manong'onong'o a kumudziwo, musazitenge mopepuka. Wodwala dementia amatha kudzuka usiku n'kumayendayenda, nthawi zina osavala, ndipo akapezeka pakhomo pa eni mbandakucha anthu amati wagwa pa ndege ya ufiti. Akafunsidwa mwaukali amangovomera chilichonse chifukwa cha mantha. Agogo ambiri m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, pa nkhani zotere. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Musadikire kuti zifike poipa. Pitani kwa amfumu, kwa akulu a mpingo ndi kwa oyandikana nawo nyumba, muwauze poyera kuti mayi akudwala, ndipo akawaona akuyenda okha aziwabweza kunyumba mwaulemu.

Pakhomo, lekani kuwayesa mayeso a "ine ndine ndani?" Zimangowachititsa manyazi. Lowani n'kunena nokha kuti "Mayi, ndine uje, ndabwera." Akafunsa kachisanu, yankhani kachisanu. Chikho, ndodo ndi mphasa zizikhala pamalo pake, chifukwa kusuntha zinthu kumawasokoneza kwambiri. Tinaziona m'misasa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, agogo amene kwawo ankadziyendera okha atafika m'kalasi yodzaza anthu sankadziwanso kolowera. Pachifukwa chomwecho ganizirani kawiri musanawatengere ku Blantyre poganiza kuti mukuwachitira zabwino. Musawalande ntchito zonse. Azitongola chimanga, azisankha nyemba, azipita kutchalitchi, azicheza ndi anzawo. Madzi kapena thobwa muziwapatsa m'manja, osadikira kuti apemphe.

Popita kuchipatala mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba. Apite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa dokotala adzafunsa kuti zinayamba liti ndiponso zikusintha bwanji, ndipo mayiwo pamaso pa dokotala adzangoti ali bwino. Mupemphe awayeze BP, shuga, malungo ndi mkodzo, awaonenso makutu ndi maso. Mwati mayi ali ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, ndiye musazengereze, pitani mvula isanayambe njira zisanaduke.