Kodi output ndi phindu? Yankho kwa mlembi wa kopaletivi

Mayi wina, mlembi wa kopaletivi yoyenga mafuta a mpendadzuwa ku Mchinji, watilembera imelo. Akuti pa fomu yopemphera ngongole panali mzere wakuti monthly output, ndipo iwo analembapo ndalama zimene zimatsala pamwezi akalipira zonse. Fomuyo yabwezedwa. Funso lawo n'lakuti, kodi output si phindu?

Ayi mayi, si phindu. Output ndi zimene zatuluka pa ntchito yanu m'nthawi yoikika, kaya zagulidwa kapena zikadali m'sitolo. Kwa mlimi ndi zokolola, kwa woumba njerwa ndi njerwa zimene zapsa mu uvuni, kwa inu ndi mafuta ndi keke, zotsalira za mbewu mukafinya mafuta. Nambala yake imayenda ndi zinthu ziwiri: muyeso ndi nthawi. Mukangolemba 500 simunanene kanthu. Lembani malita 500 pamwezi.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka kuti masamu aoneke. M'mwezi wa June mwagula mpendadzuwa wolemera makilogalamu 2,000 pa K900, ndiye kuti K1,800,000. Mwayenga, mwapeza malita 500 a mafuta ndi makilogalamu 1,400 a keke. Lita imodzi ya mafuta siikwana kilogalamu, imalemera magalamu pafupifupi 920, choncho malita 500 ndi makilogalamu 460. Mukaphatikiza ndi keke mupeza 1,860. Otsala 140 aja musawasake, apita ndi mankhusu, mchenga, chinyontho ndi zokhala pansi pa diramu posefa. Output yanu ya June ndi malita 500 ndi keke makilogalamu 1,400. Ambiri amaiwala keke ngati kuti ndi zinyalala, chonsecho oweta nkhuku ndi nkhumba amamugula, ndipo miyezi ina ndi amene amalipira magetsi.

Fomu ikafuna nambalayi m'makwacha, chulukitsani ndi mtengo umene mumagulitsira pakhomo pa fakitale, osati wa m'golosale ku Lilongwe. Mafuta pa K5,000 ndi K2,500,000, keke pa K300 ndi K420,000, zonse K2,920,000. Imeneyi ndiye gross output.

Apa m'pamene anthu amasokonezera. Tinene kuti pa malita 500 aja mwagulitsa 400 okha, 100 ali m'zigubu. Ndalama zogulitsa, zimene pa fomu amalemba sales kapena turnover, ndi K2,420,000. Output sinasinthe. Mwezi wa mawa zikhoza kutembenuka: magetsi azimazima, mwayenga malita 300 okha, koma mwagulitsa 400 chifukwa cha otsala aja. Wa kubanki amafuna nambala zonse ziwiri. Output ikamaposa zogulitsa mwezi ndi mwezi, amadziwa kuti vuto lanu ndi msika, ndipo kukupatsani ngongole ya makina ena n'kungokuwonjezerani zigubu m'sitolo. Zogulitsa zikamamaliza chilichonse chimene chatuluka, apo makina achiwiri ali ndi chifukwa.

Kuti mufike pa phindu pali masitepe awiri. Pa K2,920,000 chotsani zimene munagula kwa ena n'kuthera m'ntchitoyo: mbewu K1,800,000, komanso magetsi, mabotolo, malebulo ndi thiransipoti, tinene K320,000. Patsala K800,000. Akatswiri a zachuma amati value added, kutanthauza mtengo umene inuyo mwawonjezera pa mbewu ya mlimi. M'menemo ndi mochokera malipiro a antchito, lendi, chiwongoladzanja cha ngongole ndi kutha kwa makina. Zotsala pamenepo ndiye phindu, nambala imene munaika pamalo olakwika ija. Ndipo kumbukirani kuti gawo lina la phindulo likadali mafuta m'zigubu, si ndalama m'thumba.

Mukamva pa wailesi kuti output ya dziko yakwera, akunena GDP, mtengo wa zonse zimene dziko lapanga, imene kuno amawerengetsa ndi a National Statistical Office ku Zomba. Iwo saphatikiza gross output ya aliyense, chifukwa mpendadzuwa womwewo ungawerengedwe kawiri, kwa mlimi ndi kwa inu. Amaphatikiza value added. Amachotsanso kukwera kwa mitengo, ndipo inunso muzitero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabizinesi ambiri anaona makwacha akuchuluka m'mabuku pomwe katundu wotuluka anali yemweyo kapena wochepa. Poyerekeza chaka ndi chaka, yang'anani malita, kapena gwiritsani mtengo umodzi pa zaka zonse ziwiri.

Mawu ena amene amayenda pafupi ndi yield, amene ndi output pogawa ndi chimene mwalowetsa. Kwa mlimi ndi makilogalamu pa hekitala, kwa inu ndi malita 25 pa makilogalamu 100 a mbewu. Nambala iyi muziilemba sabata iliyonse. Ikatsika kufika 21 pomwe mbewu ndi mtundu womwewo, onani chinyontho, onani ngati ogulitsa sakuthiramo mchenga, kenako masulani makina muone ngati sikuluwu yofinyira mbewu sinathe. Finyani keke m'manja: akasiya mafuta pa chikhato, ndalama zanu zikupita kwa nkhumba.

Chomaliza, ndipo ichi chalowetsapo anthu m'ngongole, ndi output tax ya pa mafomu a VAT a MRA. Iyi sikukhudza kuchuluka kwa zimene mwapanga. Ndi VAT imene wabizinesi wolembetsa VAT amatolera kwa ogula, pomwe input tax ndi imene iye walipira pogula zipangizo. Titenge kalipentala wolembetsa VAT, pa mlingo wa 16.5 peresenti umene unagwira ntchito zaka zambiri. Wagulitsa mipando ya K1,165,000, msonkho uli momwemo. Output tax ndi K165,000. Cholakwika chofala n'kutenga 16.5 peresenti ya K1,165,000 n'kupeza K192,225. Njira yake n'kugawa ndi 1.165, kupeza K1,000,000, ndipo kusiyana kwake ndiwo msonkho. Mlingo ukasintha, nambala yogawira imasinthanso. Ngati anagula vanishi, guluu ndi misomali za K582,500, input tax ndi K82,500, ndipo kuboma apereka K82,500 yotsalayo. Koma akagula popanda lisiti lovomerezeka losonyeza VAT, palibe chochotsera, K165,000 yonse ipita. Ndalama imeneyi si yake ngakhale tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kuisunga padera ikangolowa.

Tsono pa fomu yanu, mayi, pa mzere uja lembani avereji ya miyezi 12, osati mwezi wabwino kwambiri, popeza mbewu imasowa kuyambira cha m'ma December mpaka kukolola. Mafuta pa mzere wake m'malita, keke pa mzere wake m'makilogalamu, ndipo muphatikizepo fotokope ya kaundula wa zoyenga tsiku ndi tsiku.