Shifiti ya usiku yandilanda chizolowezi changa

FUNSO: Azakhali, kwa zaka zitatu ndinkadzuka 5 koloko m'mawa, kuthamangako pang'ono, kenako kuwerenga mphindi 30 ndisanapite kuntchito. Miyezi inayi yapitayi anandisamutsira ku shifiti ya usiku, ndipo zonse zabalalika. Nsapato zothamangira zangochita fumbi kuseri kwa chitseko, buku lidakali pa tsamba 40. Kodi ndasanduka mlesi? Ndithandizeni. Ndine Wokhumudwa.

YANKHO: Mwana wanga, munthu wochezera ntchito usiku wonse si mlesi. Zaulesizo tizichotsepo kaye.

Sikulimba mtima kokha kumene kunkakudzutsa. Chizolowezi chimayanga pa zinthu zotizungulira: ola lomwelo, kuwala kwa m'bandakucha, msewu womwewo. Ukazula mtengo, chomera choyangacho chimagwa pansi. Mu 2005, katswiri wofufuza za zizolowezi Wendy Wood ndi anzake anatsatira ophunzira amene anasamukira kuyunivesite ina, napeza kuti zizolowezi monga kulimbitsa thupi ndi kuwerenga nyuzipepala zinasokonekera pamene zinthu zowazungulira zinasintha.

Inenso zinandionekera nditabereka mwana woyamba. Kabuku kamene ndinkalembamo usiku uliwonse kanakhala miyezi 6 osatsegulidwa, ndipo zinkandipweteka mumtima. Ndinayambiranso nditakaika pafupi ndi mswachi. Ndikatsuka mano, ndinkalemba mizere iwiri ndili chiimire, nthawi zina khanda lili paphewa.

Choncho 5 koloko ija uisiye, inali ya moyo wina. Mangirira kuthamangako pa chinthu chosasuntha ngakhale shifiti isinthenso: kudzuka. Kaya wadzuka 2 koloko masana, ukangosamba m'maso vala nsapato, utuluke mphindi 10 zokha. Buku lilowe m'chikwama cha kuntchito, masamba awiri panthawi yopuma akwana. Koma chonde usabe tulo kuti zimenezi zitheke. Tulo ta masana n'tosakhalitsa kale, ndipo thupi losagona limakana chilichonse.

Usamvere zimene ena amanena zoti masiku 21 ndi okwanira kukhazikitsa chizolowezi. Katswiri wina, Phillippa Lally, amene panthawiyo anali ku University College London, anafufuza anthu 96, ndipo zotsatira zake mu 2009 zinaonetsa kuti chizolowezi chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18, ena mpaka 254. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti kudumphitsa tsiku limodzi sikunkaononga kanthu. Ukalephera Lachitatu, Lachinayi udzatulukenso, osadikira Lolemba.

Nsapato zija uzikunthe fumbi lero, uziike pambali pa bedi pomwe phazi limafikira ukamadzuka. Pakatha miyezi iwiri undilemberenso, undiuze tsamba limene wafika.