Za apilo ya achimwene anu ndi ntchito ya makalaliki a kukhoti

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Mwati achimwene anu anagamulidwa ndi majisitireti sabata yatha ndipo ali kundende ya Mzuzu. Mukufunsa ngati kalaliki wa ku High Court angathe kuwachepetsera chilango, poti ena akunong'onezani kuti mum'gwiritse kangachepe. Ndalama yanuyo sungani. Kalaliki saweruza mlandu ndipo sangachotse ngakhale tsiku limodzi pa chilango. Mphamvu imeneyo ili ndi jaji yekha.

Koma ofesi ya makalalikiyo musaipepute, chifukwa apilo imalowera pamenepo. Timaitchula kuti registry, ndipo kuno ku Mzuzu ilipo ya High Court, yotumikira chigawo chonse chakumpoto. Simufunika kukwera basi ya ku Blantyre. Kumeneko kuli Supreme Court of Appeal, ndipo mungakafikeko pokhapokha ngati chigamulo cha High Court nachonso sichinakukomereni. Registry ya ku Mzuzuyi imayang'aniridwa ndi rejisitala kapena womuthandiza, makalaliki ali pansi pake. Iwowa ndi amene amalandira zikalata, kudinda chidindo cha tsiku, kutsegula failo, kuipatsa nambala, kuika mlandu pa ndandanda ndi kudziwitsa mbali zonse tsiku lokaonekera pamaso pa jaji.

Chidindocho ndiye nkhani. Pa mlandu waupandu wochokera kwa majisitireti, lamulo limapereka masiku 10 okha, kuchokera tsiku la chigamulo, oti munthu alembe kalata yodziwitsa kuti akufuna kuchita apilo. Pambuyo pake amapereka chikalata cha zifukwa zake. Masikuwo akadutsa si kuti chitseko chatsekedweratu, koma muyenera kupempha khoti ndi kufotokoza chomwe chinakuchedwetsani, ndipo likhoza kukana. Inu mwati sabata yatha, ndiye werengani masikuwo usiku uno. Achimwene anu angathe kupereka chikalata chawo kudzera kwa mkulu wa ndende, iye n'kuchitumiza kukhoti.

Ntchito ina, imene ambiri saidziwa koma ndi imene imadya nthawi, ndi kusonkhanitsa rekodi. Pa apilo, kawirikawiri jaji saitananso mboni kuti ziyambirenso. Amawerenga zomwe majisitireti analemba: umboni, mayankho a woimbidwa mlandu, chigamulo. Zambiri zimakhala zolemba pamanja, m'Chingerezi, ngakhale mboni inkayankhula Chitumbuka kapena Chitonga. Failo ija iyenera kuchoka kukhoti laling'ono, kaya ndi ku Rumphi kaya ku Chintheche, n'kufika ku Mzuzu yathunthu. Tsamba limodzi likasowa, mlandu umaima. N'chifukwa chake ine anthu amenewa ndimawalemekeza. Ufulu wochita apilo unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko lino a 1994, koma kuti ugwire ntchito pamafunika munthu wosamala mapepala.

Ndinaziona ndekha nditaperekeza azakhali anga pa nkhani ya mwana wawo. Tinangopita ndi dzina basi. Mayi wa pawindo anatsegula buku lalikulu la chikuto cholimba, n'kumatsetsereka ndi chala mzere ndi mzere, kumbuyo kwake mafailo omangidwa ndi zingwe ataunjikana mpaka m'mwamba. Anthu a dzina ngati limenelo analipo angapo. Anatiuza mwaulemu kuti tikabwere ndi nambala ya mlandu, chaka chake ndi khoti lomwe linaweruza. Azakhali anabwerera kumudzi tsiku lomwelo, thiransipoti itapita pachabe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye inu lembani zitatuzo papepala musanachoke pakhomo. Chikalata chilichonse chomwe mukupereka chikhale ndi fotokope, ndipo muwapemphe adinde ndi yanuyo. Pakakhala cholipira, lipirani kwa kashiya ndipo mutenge lisiti la boma. Wina akakuitanirani kuseri kwa nyumba kuti akuthamangitsireni failo, m'kanireni ndipo kauzeni a rejisitala.

Musadzakhumudwe kalaliki akakana kukuuzani ngati apiloyo mupambana kapena zifukwa zoti mulembe. Saloledwa, chifukwa amatumikira inu ndi boma lomwe chimodzimodzi. Malangizo otero kawapezeni ku Legal Aid Bureau, ofesi yawo ilipo muno mu Mzuzu ndipo amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Mukawafunsenso ngati n'kotheka kupempha belo podikira apilo. Mawa m'mawa yambirani kundende, mukamve kwa achimwene anu ngati alemba kale kalata ija.